Mzinda saulawa pa ola limodzi

Loweruka la sabata yatha ndidaperekeza mphwanga wa zaka 14, mwana wa achemwali anga, ku Old Town mumzinda wa Lilongwe kukagula nsapato za sukulu. Mnyamatayu amakhala ndi makolo ake pa Mponela, ndipo akabwera m'tauni salola kubwerera asadalowe m'kashopu kena ka magemu komwe kali kuseri kwa sitolo, chakufupi ndi msewu wa Malangalanga. M'katimo anzake amakhala ali pa mpira wa pakanema, kukuwa ngati ali pa Bingu Stadium. Iyeyu ayi. Amalunjika pakona pomwe pali kompyuta imodzi yakale, kulipira ndalama ya ola limodzi, n'kuyamba kumanga mzinda.

Ndidakhala pambali n'kumaonerera. Adayamba ndi kulambula msewu, kenaka adagawa malo: apa nyumba zogona, apa sitolo, uko mafakitale. Adaimika thanki ya madzi, adakoka magetsi. Posakhalitsa tinyumba tidayamba kumera ngati bowa, tigalimoto n'kumayenda, ndalama za msonkho n'kumalowa m'thumba la khonsolo yake. Atangomaliza kumanga chipatala, mwini shopu adamugwira paphewa. Nthawi yatha. Mwanayo adachonderera kuti angokonza kaye mphambano ina pomwe galimoto zidayamba kuthithikana, koma kumbuyo kwake kudaima kale mnzake, ndalama ili m'manja. Ndipo poti kompyutayo ndi ya aliyense, mwini wake salola kusungamo mizinda ya anthu. Akadzabweranso adzayambira pa tchire.

Tili m'njira adandiuza kuti: "Amalume, chikundiwawa si ndalamayo ayi. Nthawi zonse ndimachoka pomwe mavuto akungoyamba kumene. Ndiye sindidziwa ngati ndimatha kapena ayi."

Mwina ena mwa inu makolo mwayamba kale kupukusa mitu kuti mtolankhaniyu nkhani zamuthera, mpaka kumalemba za zidole za ana pomwe zinthu zakwera mtengo chonchi. Dikirani pang'ono. Dandaulo la mwanayu lidamvekapo kale m'maiko ambiri mchaka cha 2013, kuchokera kwa akuluakulu a ndevu zawo, ndipo kampani yomwe idalinyozera idalirira kuutsi. Ine ndikuti anthu amenewo adali ndi mfundo, ndipo mfundo yawoyo ikutikhudza ife oyenda m'misewu ya fumbi kuposa momwe ikukhudzira mizinda ya pakompyuta.

Gemu yomwe mphwangayu amakonda ndi SimCity 4, ya mchaka cha 2003. Kholo lake, SimCity yoyambirira, idatuluka mu 1989 ndipo adaipanga ndi mkulu wina wa ku America, Will Wright, pansi pa kampani ya Maxis. M'gemu imeneyi mulibe kuwomberana, mulibe zigoli, mulibe ngakhale mdani woti umugonjetse. Iwe ndiwe meya. Amakupatsa malo opanda kanthu ndi kandalama kochepa, zotsalazo uziona wekha. Ukakweza msonkho anthu amasamuka, ukautsitsa umasowa cholipirira apolisi ndi aphunzitsi. Ukaika fakitale pafupi ndi nyumba, utsi umathamangitsa anthu ndipo oyamba kuthawa amakhala olemera. Ukaiika kutali, anthu amathera tsiku pamsewu. Mu 1997 Maxis idagulidwa ndi kampani yaikulu ya Electronic Arts, yomwe ambiri amangoti EA, yomwe ija inkapanga mpira wa FIFA womwe anyamata athu adakulira.

SimCity 4 itatuluka padapita zaka 10 popanda wolowa m'malo weniweni. Ndiye EA italengeza mu 2012 kuti yatsopano ili m'njira, okonda gemuyi adali ngati alimi omwe aona mitambo yakuda mu Novembala.

Makampani a magemu ali ndi chizolowezi chomwe amachitcha beta. Katundu asadapite pamsika, amaitana anthu ena kuti amuyese, aone pomwe pakuvuta, anene. Zili ngati mayi wophika thobwa yemwe amapatsa anansi kachikho kuti amve ngati shuga wakwana asadasenze ndowa kupita nayo kumsika. EA idachita zimenezi kuyambira pa 25 mpaka pa 28 Januwale 2013. Komatu kachikhoko kadali kakang'ono zedi. Aliyense wolowa ankapatsidwa ola limodzi. Mphindi 60 zikakwana gemu inkaima, mzinda wako wapita. Unkaloledwa kuyambiranso kangati konse m'masiku amenewo, koma ulendo uliwonse udali wa ola lomwelo, kuyambira pa tchire pomwe paja. Zina mwa zomanga zikuluzikulu adazikhoma, zinkangooneka ndi maso. Mu Febuluwale adatsegulanso kwa tsiku limodzi, ati pofuna kuyesa mphamvu za makina awo.

Padalinso kachiganizo kena m'chikalata chomwe woyesa aliyense ankavomereza, konena kuti ukaona cholakwika m'gemuyo koma osanena, kampani ikhoza kukutsekera magemu ake onse, ngakhale omwe udagula ndi ndalama zako. Anthu atakuwa, EA idati sichidali cholinga chake ndipo idalonjeza kukonza mawuwo. Koma taganizani: ganyu ukugwira waulere, nthawi akupimira, chikwapu chili kumsana.

Osewera adang'ung'udza kwabasi. Ankati ola limodzi limangokwanira kulambula misewu, kuika madzi ndi magetsi, basi. Ankati uku sikuyesa gemu koma kutsatsa malonda, kukununkhiza kanyenya kuti upise m'thumba. Nanga si ena adali atalipiriratu gemuyo, pafupifupi madola 60, isadatuluke n'komwe.

Tisaname, nayo kampani idali ndi zifukwa zake. Wogulitsa mandasi sangakulawitse beseni lonse. Gemu yotere imatenga zaka kuipanga, ndi anthu ambirimbiri olandira malipiro, ndipo ukaitsegula yonse mwaulere kwa masiku atatu ena akhuta n'kusagulanso. Komanso pali kamtima kena pakati pa osewera magemu, kofuna zonse lero lomwe, komwe nane kamandinyansa. Munthu wopatsidwa chaulere n'kumatukwana wopatsayo, kwathu kuno timati sadaleredwe.

Koma fanizo la thobwa lija lili ndi malire. Thobwa ukamwa kamodzi wadziwa. Mpira wa pakanema ukasewera mphindi 10 wadziwa ngati ukukoma. Mzinda suli choncho. Ola loyamba la mzinda uliwonse ndi lokoma: misewu ili mbee, zimbudzi sizidadzaze, madzi akutuluka ndi mphamvu, aliyense ali ndi malo. Mavuto a mzinda ndi mavuto a kukula. Amabwera anthu 5,000 akasanduka 50,000, msewu womwe udapangidwira galimoto khumi ukamalandira zana, paipi yomwe udakwirira kalekale ikakhala pansi pa nyumba za anthu moti sungaikumbe popanda kugumula. Kuyesa gemu ya mzinda kwa ola limodzi kuli ngati kuyesa denga mu Ogasiti n'kulengeza kuti silidontha.

Ndipo lidadonthadi. Gemuyi idatuluka pa 5 Malichi 2013. Adaipanga moti sungasewere popanda intaneti, ngakhale uli wekha m'nyumba mwako, ndipo mzinda wako unkasungidwa pa makina a kampani, osati pakompyuta yako. Makinawo adalephera kunyamula khamulo. Anthu omwe adalipira ndalama zawo ankadikira pamzere osalowa, ena ankalowa n'kutulutsidwa, ena ankapeza kuti ntchito ya maola ambiri yasowa. Sitolo ya Amazon idayamba yaleka kugulitsa gemuyo kwa kanthawi. EA idachotsamo zina, kuphatikizapo batani lothamangitsa nthawi, pofuna kupeputsa katundu pa makina. Yemwe ankatsogolera Maxis panthawiyo, mayi Lucy Bradshaw, adavomera poyera kuti kudabwera anthu ambiri kuposa momwe ankayembekezera, komanso kuti anthuwo ankasewera m'njira zomwe kampani sidazione pa nthawi yoyesa ija. Inu, akadaziona bwanji? Adawatseka pakamwa ola lisadathe. Pofuna kupepesa, EA idapereka gemu ina yaulere kwa ogula.

Zamakinazo zitayamba kukhazikika, omwe adakwanitsa kusewera maola atatu, asanu, khumi, adapeza nyerere zenizeni mkati mwa nkhuyu. Galimoto zonse zinkatsata njira yaifupi ngakhale itadzaza, msewu waukulu uli pambali wopanda kanthu. Galimoto zozimitsa moto zinkandondozana kupita kumoto umodzi, mbali ina ya mzinda ikupsa. Tianthu ta m'gemumo tidalibe kwawo: tikaweruka kuntchito tinkangolowa m'nyumba iliyonse yapafupi yomwe muli malo. Ndipo malo omangapo adali ochepa, pafupifupi makilomita awiri mbali zonse, oti munthu ankadzaza madzulo amodzi. Zonsezi sizioneka m'kamudzi ka ola limodzi. Zimaoneka mzinda ukakula.

Gemuyo idagulidwa ndithu, makope oposa 1 miliyoni m'sabata ziwiri zoyamba, koma dzina lidaipa. Mu Malichi 2014 kampani idalola kuti anthu azisewera popanda intaneti, chinthu chomwe poyamba inkati n'chovuta kwambiri. Mu Malichi 2015 EA idatseka ofesi ya Maxis ku Emeryville, komwe gemuyi idapangidwira. Mwezi womwewo kakampani kakang'ono ka ku Finland, Colossal Order, kadatulutsa Cities: Skylines, yosafuna intaneti, ya malo otakasuka, ndipo anthu adakhamukira kumeneko. Ngakhale nawonso adaterereka mu Okutobala 2023 atatulutsa gawo lachiwiri lisadapse, mpaka chaka chotsatira adapepesa ndi kubweza ndalama za zina zomwe adagulitsa. Matenda ake ndi amodzi.

Tsopano tizimitse kompyuta, tikwere minibasi.

Ndi mizinda yochepa mu Africa muno yomwe idamangidwa mofanana ndi gemu imeneyi ngati Lilongwe. Mu 1965 boma la Dr Hastings Kamuzu Banda lidaganiza zosamutsa likulu kuchoka ku Zomba. A ku Britain adakana kupereka ndalama, ndiye zidachokera ku boma la tsankho la South Africa, lomwe mu 1968 lidabwereketsa marandi 8 miliyoni. Chaka chomwecho kudakhazikitsidwa bungwe la Capital City Development Corporation loti limange mzindawu, ndipo mapulani oyamba adajambulidwa ndi akatswiri a ku South Africa komweko. Mu 1975 Lilongwe adakhala likulu la dziko.

Akatswiriwo adachita chimodzimodzi mphwanga. Adapeza malo otakasuka kumpoto kwa tauni yakale, n'kuyamba kugawa. Apa Capital Hill, maofesi a boma. Apa City Centre, mabanki ndi maofesi a makampani. Uko ku Kanengo mafakitale. Old Town ikhale komwe ili, ndipo pakati pa iyo ndi mzinda watsopano pakhale nkhalango m'mbali mwa mtsinje wa Lingadzi. Mayadi a mapuloti akuluakulu, Area 10, Area 12, Area 43, adawaika pafupi ndi maofesi, pomwe anthu wamba adapatsidwa malo kutali, konga ku Area 25. Manambala a maderawa adaperekedwa motsata nthawi, osati malo, n'chifukwa chake mlendo wofuna Area 43 amadabwa kuipeza itagundana ndi Area 10. Papepala zidali zokongola, mzinda wa mitengo ndi kapinga, misewu yotakasuka. Ndipo akuluakulu omwe adauona m'zaka zoyambirira amanena kuti udalidi wokongola.

Limenelo lidali ola loyamba. Pa kalembera wa 1966 mu Lilongwe mudali anthu osakwana 20,000. Mu 1977 adali pafupifupi 99,000. Mu 1987 adaposa 220,000, mu 1998 adafika 440,000, mu 2008 adaposa 660,000, ndipo kalembera wa 2018 adapeza anthu 989,318. Bungwe lomwe lidaumanga lija lidathetsedwa mu 1984, pomwe mavuto enieni adali asadayambe. Ojambula mapulani adachoka pampando nthawi yomwe gemu inkayamba kuvuta.

Onani tsono momwe anthu adasewerera m'njira zomwe ojambula sadazione. Bwana wa galimoto adapatsidwa nyumba mtunda woyenda mphindi zochepa kukafika ku Capital Hill. Mesenjala ndi wosesa muofesi yomweyo, omwe alibe ngakhale njinga, ndi omwe adaikidwa kutali, kuti azilipira minibasi ziwiri. Nyumba za kumayadi zimafuna mlonda, wophika, wolera ana, wosamala maluwa, koma pamapu padalibe pomwe anthu amenewa azigona. Adadzipezera okha. Mtandire adakula mogundana ndi Area 47, Kauma pafupi ndi Area 12, Mgona m'mbali mwa Kanengo, Chinsapo kumadzulo kwa Old Town. Lipoti la bungwe la UN-Habitat la 2011 lidati pafupifupi anthu atatu mwa anayi alionse mumzindawu ankakhala m'malo osakonzedwa ngati amenewa. Ndiye kuti pulani idakonzera mmodzi, atatu enawo adangolowa m'nyumba yapafupi yomwe mudali malo, ngati tianthu ta m'gemu tija.

City Centre, yomwe idayenera kukhala mtima wa mzinda, ikamakwana 6 koloko madzulo imakhala zii, kungotsala alonda ndi moto wawo. Mtima weniweni udakana kusamuka, udatsala ku Old Town komwe kuli msika, depoti ndi fumbi. Pa mtsinje wa Lilongwe, pakati pa msika waukulu ndi msika wa Tsoka, anthu adadzikhomera timilatho ta mitengo, woloka n'kumalipira kandalama. Palibe katswiri adatijambula timeneto, koma tidamera pomwe phazi la munthu limafuna kudutsa. Mu 2006 boma la Bingu wa Mutharika lidachotsa mavenda m'misewu n'kuwalowetsa m'misika, ndipo tauni idaoneka yoyera kwa kanthawi. Pitani mukaone lero. Ndiye pali kabaza, woyamba wa njinga yopalasa, kenaka wa njinga yamoto, yemwe adabwera kudzatseka dzenje lomwe mzinda wotalikirana chonchi udasiya.

Zina sizoseketsa. Mu 2017 mtsinje wa Lingadzi udasefukira n'kugwetsa nyumba ku Mtandire. Mu Julayi chaka chomwecho anthu ena a ku Area 18 adatsegula mipope yawo n'kutulukamo madzi osakanikirana ndi zonyansa za m'suweji, ndipo nkhaniyo idakathera kukhoti. Area 18 si Mtandire, ndi dera lojambulidwa bwino, la mapaipi ake ndi ngalande zake. Koma mapaipi amakalamba, ndipo cholakwika chomwe chidakwiriridwa pansi chimadikira zaka makumi kuti chidzatulukire m'kapu ya mwana. Pamphambano ya Area 18 yomweyo galimoto zidathithikana kwa zaka mpaka mu 2020 pomwe padatsegulidwa msewu wodutsa pamwamba pa unzake, woyamba m'dziko muno. Mu 2021 mitengo ya m'mbali mwa msewu wa Kenyatta idagwa kuti msewuwo ukule, anthu n'kudandaula mitengo itagona kale.

Sindikunena kuti ojambula a 1968 adali opusa ayi. Palibe munthu angaone zaka 50 kutsogolo, ndipo misewu yotakasuka yomwe adasiyira malo ikutithandiza mpaka lero. Vuto si kulakwitsa pa ola loyamba. Aliyense amalakwitsa. Vuto ndi kusakhala ndi khutu pa ola lachiwiri ndi lachitatu. EA idali ndi anthu zikwizikwi ofunitsitsa kuiuza pomwe pakudontha, mwaulere, koma idawapimira nthawi. Nafe tidachita zomwezo. Makhansala omwe adasankhidwa mchaka cha 2000 nthawi yawo itatha mu 2005, dziko lino lidakhala opanda makhansala mpaka chisankho cha 2014. Zaka 9 zathunthu, pomwe Lilongwe ankakula mothamanga, mayi wa ku Chinsapo adalibe munthu wosankhidwa ndi iye woti akamuuze kuti ngalande ya kwawo ikulowetsa madzi m'nyumba. Pulani yatsopano ya mzindawu, yomwe idakonzedwa ndi thandizo la bungwe la JICA la ku Japan ndipo ikuyang'ana mpaka 2030, idamalizidwa mu 2010, mkati mwa zaka zomwezo.

Pa ntchito yangayi ndakhalapo pamisonkhano ingapo yomwe amati ndi yomva maganizo a anthu. Imachitikira m'hotela, imayamba mochedwa, zokamba zonse m'Chingerezi, mapu akuonetsedwa pakhoma mothamanga. Nthawi ya mafunso ikafika wotsogolera amayang'ana wotchi n'kuti tingolandira atatu okha poti nkhomaliro yakonzeka. Amfumu amodzi, mayi mmodzi, wachinyamata mmodzi, chithunzi cha pagulu, alawansi, basi. Lipoti likamatuluka limati anthu adafunsidwa. Imeneyo ndi beta ya ola limodzi, yopangira kuti katundu agulidwe, osati kuti akonzedwe. Wodziwa pomwe madzi amadutsa mvula ikagwa usiku ndi yemwe amagona pamenepo, ndipo ameneyo sunganene kuti wamumva ngati sudabwererenso mu Febuluwale, matope ali m'maondo.

Inu a pa Mponela, pa Lumbadzi, pa Mitundu, pa Nkhamenya, pa Lizulu, pa Jenda, musaganize kuti iyi ndi nkhani ya a m'tauni. Inuyo ndi amene muli mu ola loyamba panopa. Zonse zikuoneka bwino: mapuloti akugulidwa, malata akuwala, chigayo chatsopano, magetsi afika, malo omwetsera mafuta amangidwa. Koma tayang'anani kuseri kwa msika. Mapuloti akudulidwa mogundana osasiya njira yoti ambulansi kapena ngolo idzadutse. Chimbudzi cha uyu chikukumbidwa kumtunda kwa chitsime cha uyo. Dambo lomwe linkamwa madzi a mvula ladulidwa mapuloti. Bwalo lomwe ana ankasewerapo mpira lagulitsidwa, ndipo tsiku la msika malonda amasefukira mpaka pa phula la M1, galimoto zikuluzikulu zikudutsa mphepete mwa tomato. Lero kusiya mamita anayi a njira n'kungogwirizana pakati pa anansi ndi amfumu. Pakatha zaka 15 kudzakhala kugumula nyumba ya munthu, ndi milandu, ndi chidani cha mibadwo. M'gemu muli batani la chigalimoto chogumulira, ukadina nyumba yapita ndipo palibe amalira. Pa Mponela batani limenelo kulibe.

Pamenepa ndiyenera kunenanso pomwe gemuyi imanama, poopa kuti wina angaganize kuti ndatumidwa kudzaigulitsa. Mzinda wa SimCity ndi wa ku America. Mulibe mavenda, mulibe kabaza, mulibe manda a makolo, mulibe amfumu, ndipo munthu samanga pomwe meya sadaloleze. Meyayo ndi wamphamvu zonse, safunsa munthu. Mwana akangomeza zimenezo akhoza kukula n'kuganiza kuti mzinda umakonzedwa ndi munthu mmodzi wanzeru ali pamwamba, womwe ndi mtima womwe udatipatsa City Centre yogona 6 koloko. Komabe pali chinthu chimodzi chomwe gemuyi imaphunzitsa bwino kuposa buku lililonse lomwe ndidawerenga kusukulu: chomwe wachita lero chidzakupeza mawa, ndipo chidzakupezera kwina, osati pomwe udachitira. Phunziro limeneli silibwera pa ola loyamba. Mwana yemwe amangosewera ola limodzi n'kuyambiranso amangophunzira kutsegulira zinthu, kudula riboni, osaphunzira kuzisamala. Atsogoleri otere tili nawo kale okwanira.

N'chifukwa chake ine makolo omwe amaletseratu ana magemu onse sindigwirizana nawo, ngakhale ndikumvetsa mantha awo. Inde, alipo ana omwe amaba ndalama ya ndiwo kukathera kushopu ya magemu, ndipo alipo magemu omwe ine sindingalole mwana kuwayandikira. Koma funsani kaye chomwe mwana akusewera. Ngati akumanga mzinda, khalani naye pansi tsiku lina mumufunse chifukwa chomwe waikira sukulu apo osati apo, komwe madzi oipa akupita, yemwe alipire msewuwo. Mudzadabwa kuti ndi mafunso omwewo omwe mumayenera kufunsa khansala wanu.

Ndipo pa nkhani yolipiriratu katundu yemwe simudamuone bwino, ife Amalawi sitifunika kuphunzitsidwa ndi a ku America. Timadziwa bandulo ya intaneti yomwe imatha nthawi usadaigwiritse ntchito. Timadziwa wailesi yomwe amakuyesera mphindi ziwiri m'sitolo, ikalira bwino, ukafika nayo kunyumba zii. Timadziwanso puloti yomwe amakuonetsa mu Seputembala, youma gwa, mu Januwale n'kupeza achule akuimbamo. Wogulitsa aliyense amasankha ola lomwe katundu wake amaoneka bwino. Gemu yofuna intaneti nthawi zonse ngati ija ya 2013, kuno ikadangokhala chokongoletsa pashelefu.

Lamulungu madzulo, mphwanga asadakwere minibasi ya ku Mponela, ndidafukula laputopu yakale yomwe ndinkagwiritsa ntchito kukoleji. Batire lake lidafa, kiyibodi ilibe mabatani awiri, koma gemu ya 2003 imaikwanitsa. Ndidagwirizana ndi mayi ake kuti azisewera akamaliza ntchito ya kusukulu ndi ya pakhomo, ndipo mzinda ukhale umodzi womwewo, osayambiranso zikavuta.

Lachinayi adandiimbira pafoni ya mayi ake. Mawu ake adali a munthu wosagona.

"Amalume, zavuta. Anthu afika 40,000 koma ayamba kuthawa. Mafakitale aja ndidawaika pafupi ndi pampu ya madzi tsiku loyamba lija, ndiye madzi onse aipa. Ndalama zosamutsira ndilibe. Ndigumule nyumba za kumunsiko ndidutsitse paipi ina?"

Ndidamufunsa kuti m'nyumbazo mukukhala ndani. Adakhala chete pang'ono, n'kuti sadayang'ane, koma akuganiza kuti ndi osauka chifukwa ndi tinyumba tating'ono. Adati ayang'ana akabwerako kumjigo, poti mpope wa pakhomo pawo sudatulutse madzi kuyambira Lolemba ndipo amayi ake amutuma ndi zigubu ziwiri.